TIFUNSENI: Nyumba ya malemu bambo ku Blantyre yakana kugulidwa, kodi alipo anaimanga?

Mwezi uno makalata ambiri abwera a nkhani za nyumba, kaya ndi chifukwa cha kukwera kwa zinthu kaya ndi chani, ndiye ndasankhapo atatu okha. Yoyambayi ndi yaitali ndipo ndaidula pang'ono, mwini wake andikhululukire.

FUNSO

Zikomo a Tifunseni. Ine ndine mayi wa zaka 52, ndimaphunzitsa pa pulaimale ina kuno ku Ngabu. Bambo athu anatisiya mu 2021 ndipo anatisiyira nyumba ku Blantyre, kumayadi akale aja oyandikana ndi tawuni, anaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo cha m'ma 1970 nthawi yomwe iwo ankagwira ntchito pa kampani ina mtawunimo. Nyumbayo ndi ya kalekale, akuti inamangidwa cha m'ma 1930, ndi yosanja, masitepe a matabwa, pansi pakenso matabwa, khonde lozungulira, machumuni awiri, pabwalo mitengo ya jakaranda, moti aliyense akaiona amangoti koma nyumba iyi. Ana tilipo 7, anayi a mayi athu, atatu a mayi aang'ono a ku Bangula. Tinagwirizana zoti tigulitse tigawane poti palibe angakakhalemo, tonse tili kuno kuchigwa kupatula mmodzi ali ku Joni. Tinaika pa K350 miliyoni mu 2023, kwacha itagwa achimwene aakulu anati tikweze ifike K500 miliyoni. Mpaka lero zii. Anthu amabwera, amazungulira, amajambula, amati tikuimbirani, osaimbanso. Maejenti tapatsa asanu koma palibe chachitika. Mmodzi yekha anatchulako K260 miliyoni achimwene anamudulira foni. Pano atsibweni akuti nyumbayi alipo anaimanga, akukaikira mayi aang'ono aja, ndiye akuti tisonkhe ndalama tipite kwa sing'anga wina kutsidya ku Mozambique. Ine mtima wanga ukukana komanso sindikumvetsa kuti nyumba yokongola chonchi, pamalo abwino chonchi, ingakhale bwanji zaka zonsezi. Tithandizeni. Takhuta.

Mayi wothedwa nzeru, Ngabu

YANKHO

Pepani mayi ndi imfa ya bambo, olo papite zaka maliro a kholo sazizira. Koma ndiyambe ndi atsibweni anuwo poti ndi amene akufuna kukuonongetsani ya transipoti. Inde alipo anaimanga nyumbayo, ndi mzungu wa m'ma 1930 uja ndi amisiri ake, anaimanga ndi njerwa ndi matabwa, ndipo theka la vuto lanu lagona pomwepo, osati pa mayi aang'ono a ku Bangula. Asiyeni mayi a eni, nawonso ana awo akudikira ndalama yomweyo, angaimange bwanji?

Inu ndinu a pa Ngabu ndiye za msika wa ng'ombe mukuzidziwa kuposa ine. Munthu akabwera ndi nkhunzi yooneka bwino n'kutchula mtengo wakumwamba, tsiku loyambalo ogula amaizungulira, amaisisita pamsana, amapita. Akabwera nayonso ulendo wachiwiri amati aaa si yomwe ija iyi? Ulendo wachitatu palibe amafunsanso mtengo, amangonong'onezana kuti ng'ombe imeneyi ili ndi chinachake, mwina ndi yakuba mwina ikudwala. Chonsecho ng'ombe ilibe kanthu, chinalakwika ndi mtengo wa tsiku loyamba lija, koma pano yatenga mbiri. Nyumba yanu ndi mmene ilili pano. Anthu ogula nyumba za ndalama zimenezo mu Blantyre ndi ochepa ndipo amadziwana, amamwera limodzi, maloya awo ndi omwewo, ndiye aliyense wa iwo anaimva kale, ena anaionanso, ndipo funso lomwe akufunsana pano si loti ndi zingati, akufunsana kuti bwanji mpaka lero sinagulidwe.

Tiyeni tiwawerenge anthu amene angatulutse K500 miliyoni. Woyamba ndi wa ngongole ya kubanki. Mu 2024 Reserve Bank inafikitsa chiwongola dzanja chake pa 26 peresenti ndipo mabanki akamabwereketsa ife amaikanso yawo pamwamba, ndiye tingoyerekeza 30 kuti masamu aphweke, inu ndinu aphunzitsi mundikonza ndikalakwa. Munthu ali ndi K200 miliyoni yake, wabwereka K300 miliyoni, chiwongola dzanja chokha pachaka ndi K90 miliyoni, pamwezi K7.5 miliyoni, asanayambe n'komwe kubweza ngongole yeniyeniyo. Kodi nyumba yanuyo ataiika pa lendi ingabweretse olo theka la imeneyo? Ameneyu tamuchotsa. Komanso banki siimva zoti nyumba ili ndi mbiri, imatumiza munthu wake wowerengera mtengo, akalemba kuti ndi ya K280 miliyoni banki imabwereketsa potengera nambala imeneyo basi, ya achimwene anu ija saiona n'komwe.

Wachiwiri ndi wa kashi, wabizinesi. Ameneyu ndalama yake imakhala ndi ntchito zina, akhoza kuitanitsa katundu, akhoza kubwereketsa boma n'kumadya chiwongola dzanja ali gone, akhoza kugula poloti ku Chigumula kapena ku Chileka n'kumanga yatsopano mmene akufunira iyeyo ndi mkazi wake, chipinda chilichonse bafa ndi chimbudzi momwemo, matailosi, kitchini yaikulu yoonana ndi pabalaza. Nyumba za azungu akalezo nthawi zambiri bafa limodzi kumapeto kwa kolido, kitchini kakang'ono kuseri chifukwa ankaphika ndi wantchito osati dona. Wachitatu ndi abale athu ali kunja, ku UK kaya ku America, koma ambiri a iwo amafuna chatsopano chosavuta kuyang'anira ali kutali. Wachinayi kale akanakhala mzungu kapena mlendo wina wokonda zakalezi, amene akanaona masitepe a matabwawo n'kugwa nawo m'chikondi, koma malamulo a malo a 2016 aja atawasinthanso mu 2022 anakhwimitsa kwambiri zogulitsa malo kwa munthu amene si nzika. Akazembe ndi mabungwe ambiri olipira lendi yonona ali ku Lilongwe, likulu linasamukira kumeneko mu 1975. Ndiye mukaphatikiza onsewa mupeza kuti ogula anu akhoza kukwana mu minibasi imodzi ya ku Nchalo n'kutsalanso mipando.

Za kukweza mtengo kwacha itagwa, achimwene anu masamu sanalakwe. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola inachoka cha pa K1,180 kufika cha pa K1,700, ndipo K350 miliyoni ya kale ija ndi K500 miliyoni ya pambuyo pake mukazisintha kukhala madola zimangofanana, pafupifupi 300,000. Koma wogulayo salandira madola, amalandira kwacha ngati inu ndi ine, ndipo malipiro ake sanakwere ndi 44. Ndiye chinthu chomwe chinakanika pa 350 inu munachikweza kufika 500, kwa iye zinangooneka ngati banja ili silikufuna kugulitsa, likungoyesa madzi.

Tsopano tilowe m'nyumbamo. Ine sindinaione yanuyo koma ndinaperekezapo mnzanga wina kukaona yofanana nayo mbali za komweko, anatenga mmisiri wake, bambo wachikulire wosayankhula zambiri. Panja ine ndinali nditagwa kale, khonde lija, mphepo ija, munthu wochokera kotentha ngati kwathu kuno umangoti ndiyale mphasa pompano. Mmisiri uja sanayang'ane n'komwe maluwa, anatulutsa sikuludiraiva m'thumba la ovolosi n'kubaya felemu ya chitseko cha kuchipinda, inangolowa ngati akubaya dzungu lophika, potulutsa kunatsatira dothi la chiswe, kunja penti ili bwinobwino. Anakwera pa mpando n'kusuntha kachitseko ka kusiling'i, fungo la mileme linatibweza tonse, anawalitsa tochi n'kutiitana kuti tione mawaya, anali aja akale okutidwa ndi nsalu, ena atayoyoka waya ali pamtunda. Anatsegula mpopi wa kubafa kunatuluka madzi ofiira kaye kenako kamtsinje kowonda ngati ulusi, mapaipi achitsulo aja anadzadza dzimbiri mkati. Pansi pa khoma la kumbuyo pulasitala anali atatupa mpaka cha m'mabondo chifukwa cha chinyezi chochokera pansi. Denga la galaja ndi la boyizikota linali la asibesitosi, zomwe masiku ano timadziwa kuti fumbi lake limaononga mapapo ndiye sungangouza anyamata kuti kaswani ndi hamala. Titabwerera m'galimoto mmisiri uja anangonena mawu awiri, akuti bwana, chikomekome cha mkuyu. Mnzanga sanaimbenso foni, ndipo eni nyumba aja ndikhulupirira mpaka lero amati tinali anthu ongocheza.

Ndi zimene zikuchitika ndi anthu anu ojambula aja. Inu mukamaona masitepe mukuona bambo akutsika m'mawa atavala tayi, mukuona Khirisimasi ija munakwera basi kuchokera kuno kukadya mpunga kumtunda, ndipo zimenezo ndi zenizeni, sindikuzinyoza. Wogula akuona denga lofunika kusasula lonse, mawaya onse kuchotsa, mapaipi onse, giza, mankhwala a chiswe, mpanda wogwa mbali imodzi, komanso simenti ndi malata mmene zakwerera pano. Ndiye mumtima mwake amatenga mtengo wanu n'kuphatikiza mwina K100 miliyoni kaya kuposa yokonzera, ndi chaka chathunthu chothamangitsana ndi amisiri, kenako amafanizira ndi nyumba yatsopano yongolowa ndi sutikesi. Ndipo nyumba yakale ikangoti yatsekedwa osakhalamo munthu imakalamba mwachangu kuposa ikakhala ndi anthu, dontho limodzi la padenga lopanda womuikira beseni limagwetsa siling'i yonse m'dzinja limodzi, nanji mvula ngati ya Freddy ija ya mu Malichi 2023 yomwe inagwa masiku angapo osakata mu Blantyre. Munakalowamo liti komaliza inuyo?

Chomwe chimawawa kumva ndi ichi, ambiri mwa amene angagule malo ngati amenewo sakufuna nyumbayo, akufuna dothi lake. Yadi yaikulu kufupi ndi tawuni munthu amaona mafulati 8, kapena maofesi, kapena loji, kapena kiliniki, mwaona nokha mmene nyumba zambiri za ku Mandala, Sunnyside ndi Namiwawa zasandukira maofesi ndi malo ogona alendo. Kwa munthu wotere nyumba ya bambo ndi chinthu chofunika kulipira anthu kuti achigwetse, ndiye mtengo wake amachita kuchotsera osati kuonjezera. Ndikukaikira kuti uja anatchula K260 miliyoni anali wa mtundu umenewu, ndipo mwina sanali wachipongwe ngati mmene achimwene anamuonera, anali kukuuzani mtengo wa malo. Nayenso ali ndi zake zomudetsa nkhawa, kusintha malo okhala anthu kukhala a bizinesi kumafuna chilolezo cha a mapulani ku khonsolo ya mzinda, sizichitika tsiku limodzi.

Pali kanthu kena kakang'ono koma kafufuzeni. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale, Monuments and Relics Act, ndipo nyumba ngati Mandala House ya 1882 ija kapena tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe anamaliza mu 1891 ndi zotetezedwa, sungangodzuka n'kugumula khoma. Nyumba zambiri zakale za anthu wamba sizili pa mndandanda umenewo, koma wogula akangomva ejenti akukokomeza kuti iyi ndi ya mbiri, ya nthawi ya atsamunda, amayamba kuopa kuti mwina sadzamulola kuikhudza. Kafunseni ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, ngati siili pa mndandanda muzitha kumuuza wogula molimba mtima. Mawu oti mbiri amakometsa positi pa Facebook koma pa tebulo la mtengo nthawi zina amakudyerani.

Koma mayi, mwa zonse mwalembazi chomwe chandiimitsa kwambiri ndi chiganizo chija chakuti ana tilipo 7, a mayi awiri, wina ali ku Joni. Simunanene kuti bambo anasiya wilu kapena ayi, simunanene kuti title deed ili m'dzina la ndani, simunanene ngati munatenga letters of administration kukhoti, chikalata chopatsa munthu mphamvu zoyendetsa chuma cha masiye. Ngati nyumba ikadali m'dzina la malemu ndipo palibe amene khoti linamupatsa mphamvu zoyendetsa chuma cha masiyecho, ndiye kuti palibe mwa inu angasaine pepala logulitsa likhale lovomerezeka, olo achimwene aakuluwo, ukulu wa kubadwa sugwira ntchito ku ofesi ya za malo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, ana onse, a nyumba yaikulu ndi yaing'ono yomwe, ndipo atsibweni pamenepo alibe gawo ngakhale mwambo utawapatsa mpando wakutsogolo pamaliro. Loya wa wogula chinthu choyamba amapita kukafufuza m'kaundula wa malo, akapeza dzina la munthu womwalira, kapena akapeza kuti wina mwa abale anakaikapo caution, chiletso choti malowo asasinthidwe umwini iye asanamvedwe, kapena kuti bambo anaikapo nyumbayo chikole kubanki ina kalekale ndipo sizinafufutidwe, amangouza kasitomala wake kuti bwana thawani. Palibe amafuna kulipira mamiliyoni kenako mwana wa ku Bangula atulukire ndi samani kuti ine sanandifunse. Ndipo sakuuzani kuti tathawa chifukwa chakuti, amangoti tikuimbirani.

Onaninso ngati malowo ndi a lizi. Malizi ambiri a nyumba zokhalamo amakhala a zaka 99, ndiye ngati inayamba kuwerengedwa m'ma 1930 muwerenge nokha kuti kwatsala zingati, banki siikonda chikole chomwe lizi yake ili kumapeto, muyambe mwaona za kuonjezera. Pamwamba pa apo pali ma city rates a khonsolo omwe ndikukaika ngati alipo akulipira chimwalirireni bambo, pali ground rent, lendi ya malo yolipira kuboma, ngati ndi lizi ya boma, pali chikalata cha MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino chomwe chimafunika posintha umwini. Zonsezi wogula amafuna azione zili mu fayilo imodzi, osati kumuuza kuti mapepala ali ndi achimwene ku Nsanje abwera nawo sabata yamawa.

Maejenti asanu aja ndiye mwadzipweteka nokha. Aliyense waika chithunzi chake pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, wina walemba 500, wina waonjezera yake walemba 550, wina pofuna kukopa anthu walemba 470, ndipo kumbuyo kwa asanuwo kuli madobadoba ena 20 amene inu simukuwadziwa n'komwe, aliyense akuti ine ndiye ndili ndi eni ake. Munthu wa ndalama akaona nyumba imodzi mitengo inayi amaganiza ziwiri, mwina ndi zakuba kapena eni ake apanika ndiye ndidikire atsike okha. Zonse ziwiri sizikukuthandizani.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndalama ya kwa sing'anga ija ndikanasonkhetsa ndithu, koma ipite kwina. Ichotseni kaye nyumbayo pamsika miyezi ingapo, maejenti onse auzidwe kuti afufute zithunzi, anthu aiwaleko. Pa nthawi imeneyo khalani pansi ana onse 7 ndi amayi onse awiri, wa ku Joni alowe pa foni, mupite kwa loya kapena ku ofesi ya Administrator General, ya boma yoona za chuma cha masiye, mukonze mapepala, musankhe amene azisaina ndipo zilembedwe. Mulipire katswiri wovomerezeka wowerengera mitengo ya nyumba, osati ejenti amene amakuuzani nambala yokoma kuti mumupatse ntchito, akupatseni mitengo iwiri, wa nyumba mmene ililimu ndi wa malo okha. Muitanenso mmisiri akulembereni zofunika kukonza ndi ndalama zake kuti wogula akamati denga lonse ndi lowola inu muzidziwa ngati akunama. Musalimbane ndi kuikonza yonse, ndalama imeneyo mulibe ndipo siidzabwerera, kungotchetcha, kutseka modontha, kuthira mankhwala a chiswe ndi kutsegula mawindo basi. Mukatero mupatse ejenti mmodzi, wa ofesi yodziwika, pa pepala, kwa miyezi yowerengeka.

Ndipo achimwene akamakana kutsika muwawerengere chomwe kudikira kukudya. Mlonda mwezi ndi mwezi, ma rates akuunjikana, nyumba ikunka iphwasuka, kwacha ikunka ichepa mphamvu. K260 miliyoni ija mukanalandira nthawi imene ija n'kugawana, aliyense akanatenga yoposa K30 miliyoni zolipira zina zitachoka, ena akanagula ng'ombe zomwe pano zaswana kawiri. Sindikuti mukanalola pompo, mwina inali yotsikadi, koma munthu wotchula nambala sadulidwa foni, amauzidwa kuti bwerani tikambirane. Ngati nambala yake ikadalipo muimbireni. Ngati mtima wa banja ukukanitsitsa kugulitsa pa mtengo umene katswiri anene, ndiye vomerezani kuti simukugulitsa, ikani munthu wa lendi olo yotsika kuti muzikhala mpweya wa anthu, bungwe kaya sukulu ya mkaka, ndipo musiye kutchula mayi aang'ono.

FUNSO

Ine mwana wanga wamkazi amagwira ntchito yosamalira okalamba ku London. Anandionetsa pa video call nyumba ina mumsewu umene amadutsa popita kuntchito, zija zogundana khoma ndi khoma zazitali, akuti ndi ya zaka pafupifupi 200 ndipo akuigulitsa mapaundi mamiliyoni angapo koma chikwangwani chakhala pamenepo chibwerereni iye. Ine ndimaona ngati kwa azungu ndalama ndi zosayamba, nanga zimatheka bwanji? Kapena mwanayu akundinamiza kuti ndisamupemphe ya malata?

Bambo wa ku Fatima, Nsanje

YANKHO

Kkkk ayi bambo, mwanayo sakunama, za malatazo mukambirane nokha. Matenda ake ndi omwe aja ndauza mayi a ku Ngabu, kungoti kumeneko amavala jekete.

Nyumba zimene akunenazo ndi zopapatiza koma zazitali, nsanjika zinayi kapena zisanu, kitchini pansi penipeni, pabalaza pamwamba pake, zipinda zogona kumwamba, ndiye tsiku lonse ndi masitepe okhaokha. Amene ali ndi ndalama zogulira zimenezo kawirikawiri ndi anthu oti mawondo anayamba kale kudandaula, kapena olemera ochokera maiko ena amene amakonda fulati yatsopano ya lifiti, mlonda pageti ndi poimika galimoto pansi. Mungati bwanji osangoikamo lifiti? Apo ndiye pali nkhani. Ku England nyumba zakale zofunika amaziika pa mndandanda wa boma m'magulu atatu, Grade I, Grade II* ndi Grade II, ndipo ikakhala pamenepo sungasinthe mawindo, kugumula khoma la mkati kapena kuchotsa masitepe popanda chilolezo chapadera cha khonsolo, ukachita mwa iwe wekha ndi mlandu. Ndiye munthu walipira mamiliyoni koma windo lolowetsa mphepo yozizira lija sangalichotse mmene akufunira, ndipo kutenthetsa nyumba yotero m'nyengo yozizira ndi ndalama ina, ife kuno timalira ndi kutentha kwa mu Okutobala iwo amalipira kuti akupeze.

Kenako msonkho. Wogula nyumba ku England amalipira stamp duty, ndipo kuyambira mu Disembala 2014 gawo la mtengo lopitirira mapaundi 1.5 miliyoni amalidula 12 peresenti. Ngati ili nyumba yachiwiri pali ina yoonjezera, inayamba ndi 3 peresenti mu 2016 n'kukwera kufika 5 mu Okutobala 2024, ndipo wogula amene sakhala m'dzikomo amaonjezeranso 2 peresenti kuyambira mu 2021. Pa nyumba ya mamiliyoni angapo msonkho wokhawo umagula nyumba ina yonse kutali ndi London, ndiye anthu amaganiza kawiri. Ku New York nakonso zilipo, kuli bungwe la mzinda loteteza nyumba zakale lomwe linayamba mu 1965, ndipo kuli msonkho wa nyumba zodula umene kuyambira 2019 umafika 3.9 peresenti pa nyumba za madola 25 miliyoni kupita mtsogolo.

China n'chakuti nyumba ngati imeneyo ilibe inzake yofanana nayo ndendende yomwe yagulidwa posachedwa, ndiye mtengo amachita kulota, ndipo mwini wake nthawi zambiri ndi munthu wosapanika, alibe ngongole, sakudikira fizi ya mwana, akhoza kukhala zaka zitatu akudikira munthu mmodzi amene adzaikonde mmene amaikondera iye. Kusiyana kwake ndi ife n'komweko, iye akudikira akudya.

FUNSO

Pali sitolo ina yakale ya Amwenye pa tawuni ina ku Nsanje, yomanga bwino ya khonde la zipilala, kumbuyo kuli nyumba yogona. Yakhala nthawi yaitali akuitsatsa ndipo pano atsitsa kwambiri. Ndili ndi kangachepe ka penshoni, ndigule?

Wopuma ntchito, Nchalo

YANKHO

Achimwene, penshoni imabwera kamodzi ndiye musathamange. Matawuni ena a kuno anali ndi moyo chifukwa cha njanji ndi madoko, Nsanje ija inkatchedwa Port Herald, Chiromo kunkaima sitima za pamadzi, koma chikokolokereni njanji pa Chiromo mu 1997 malonda ambiri anatsatira msewu wa tala, ndiye muone kaye ngati pakhomo pa sitoloyo pamadutsabe anthu kapena msika unasamuka n'kuisiya yokha. Mufunse mapepala, ndani mwini wake weniweni, ali moyo, ali kuno kapena anapita kunja, ndipo amene akukutsatsaniyo ndi ndani wake. Mupite ndi mmisiri wanu osati wawo, atenge sikuludiraiva.

Ndipo poti ndi kuno kwathu, musapite nthawi ya chilimwe yokha. Mufunse amayi ogulitsa tomato pafupipo kuti madzi a 2015 ndi a Freddy analekeza pati. Mukalowa mkati muyang'ane khoma, mukaona penti yatsopano yolekezera m'chiuno kumtunda kuli yakale, mukande pang'ono ndi chikhadabo muone chili pansi pake.